Mlamu wa ku Nathenje

A Zakeyu sanama. Zimenezi aliyense kwathu kuno ku Mitundu amazidziwa. Mukawafunsa funso lowapanikiza, amayamba akanda kuseri kwa khutu, kenako yankho amalisandutsa ndagi kuti muvutike nokha iwo akuseka. Ndakhala nawo pabanja zaka khumi ndi chimodzi, iwo ali mkamwini pamudzi pa amayi anga, ndipo khutu limenelo ndimalidziwa kuposa nkhope yawo.

Tsiku limenelo tinali m'chigafa kusoka fodya, ine, mng'ono wanga Zipora ndi mwamuna wake Davide. A Zakeyu anali atangofika kumene kuchokera ku Nathenje. Amapitako Lachisanu lililonse kukagulitsa tomato, ndipo chiyambire dzinja anayamba kugona komweko, ati msewu matope. Foni yawo inalira.

"Eee, alamu! Ndafika bwino, alamu," anatero, n'kudula msanga.

Zipora anaimika singano. "Alamu ati? Alamu anu ndine, ndipo foni yanga ilibe moto."

Dzanja la a Zakeyu linapita kukhutu.

"Ndagi!"

"Gize!" Davide anavomera, poti iye ndagi amazikonda ngati thobwa.

"Ndili ndi mlamu wanga ku Nathenje. Sanakwatire kwathu, sanakwatiwenso kwathu. Si m'bale wa mayi a Pempho awa. Koma ndi mlamu weniweni. Ndani?"

Mayi a Pempho ndine.

"Wakumowa!" anatero Davide. "Pa bawo ndi pa mowa aliyense ndi alamu."

"Ndati weniweni."

"Kondakitala wa minibasi," anatero Zipora. "Amakutchulani alamu kuti mukwere, mukakwera muli katundu."

A Zakeyu anaseka mpaka kutsamira mzati. "Mwalephera. Ndipatseni ng'ombe ndikuuzeni."

"Tengani yanga yopanda mchira ija," anatero Davide.

"Yowonda imeneyo sindidya. Yankho likhale kaye."

Ine ndinapitiriza kusoka. Fodya amafuna maso, ukasokera pamodzi tsamba lowola limawoletsa anzake. Mawu aja ndinayamba kuwatola limodzilimodzi ngati masamba. Mlamu amabwera njira ziwiri basi. Kaya wakwatira kapena wakwatiwa kwanu, kaya ndi m'bale wa mkazi wako. Njira yoyamba anaitseka okha. Yachiwiri anaitsekanso, ndiye mlamuyo walowera pati?

Ndinasoka masamba ena asanu ndisanaone. Njira yachiwiri sanaitseke. A Zakeyu pagulu amakonda kunena kuti "mkazi wanga", ngakhale pogula mchere. Lero anati "mayi a Pempho awa", n'kundiloza ndi chibwano. Munthu wonama akanangoti mkazi wanga. Munthu amene sanama anayenera kuzungulira.

"Bambo a Pempho," ndinatero, "ndagi yanu ndi yokoma. Taibwerezani."

Anaibwereza mokondwa, mawu omwewo.

"Tsopano muinenenso, koma pamene mwati mayi a Pempho munene kuti mkazi wanga. Si m'bale wa mkazi wanga. Nenani choncho."

"Si chimodzimodzi kodi?" Davide anafunsa.

"Ngati n'chimodzimodzi anena."

A Zakeyu anayang'ana fodya wopachikidwa kudenga. Anakanda khutu, khutu silinawathandize.

"Ndagi sasintha mawu," anatero pomaliza.

"Ndiye ndiyankhe. Mlamu wanuyo ndi mchimwene wa mkazi wanu wa ku Nathenje."

Zipora anagwetsa singano.

"Ndalasa kapena ndaphonya?" ndinafunsa.

"Mwalasa," anatero chapansipansi. "Mkaziyo dzina lake ndi Masozi. Ndimati ndikuuzeni tikatha fodya."

"Tikatha fodya. Kuti manja anga ayambe agwira ntchito."

Sindinalalate. Ndinamaliza chingwe chimene chinali m'manja, poti fodya sanalakwe kanthu, ndinasamba phula la m'zala, n'kulowa m'nyumba. Nyumbayo njerwa zake tinaumba ndi amalume anga, pamalo pa amayi anga. Pempho ndi mlongo wake ndi a mbumba ya kuno. Ndinayang'ana paliponse, osaona chifukwa choti wochoka akhale ine.

Ndinatsitsa chikwama chawo cha mizeremizere chimene amanyamulira zovala popita kumsika. Ndinaikamo mathalauzi atatu, malaya a kutchalitchi, lumo, Baibulo, nsapato za matope zija. Tchaja cha foni ndinachiika pamwamba, kuti alamu asavutike kuwapeza.

Zipora anaima pakhomo. "Achemwali, osadikira ankhoswe?"

"Ankhoswe uwaitane mawa, adzamve ndagi. Chikwama chikhala chitatsogola."

Ndinakoka zipi, ndinachinyamula, n'kukachikhazika pakaliyala ya njinga yawo, n'kuchimanga bwinobwino ndi mphira womangira tomato uja.