Msana Wanga Unakana Kugona

Ndinalota masana dzuwa likuswa mtengo, nditakhala tsonga pabedi la kuchipatala. Amayi anga anali atatsamira kumsana kwanga, poti sabata ziwiri tsopano akati agone chagada, mpweya umawathera. Mtsamiro wawo ndine.

Ndinalota tili pachigwa chozizira, chopanda mtengo ndi umodzi womwe. Udzu unkalekeza m'chiuno. Panali anthu akalekale ovala zikopa, onunkha utsi ndi thukuta la mahatchi. Nkhalamba ina inakweza dzanja n'kutchula liwu limodzi lalifupi. Chilankhulo chimenecho sindinachimvepo chibadwire, koma mawondo anga anamva kuti akuti tigone pansi. Anthu anagona. Mahatchi anagona. Udzu womwe unagona mpaka kumene maso amalekezera. Amayi nawo anayala chitenje n'kugona, akupuma myaa ngati khanda. Ine ndekha msana unauma gwa ngati munsi. Ndinafuna kupempha nkhalambayo kuti ibwereze liwulo poti ine landiphonya, koma m'kamwa mwanga munadzaza mchenga.

Anandidzutsa ndi amayi, akundigwedeza ndi phewa.

"Nabanda, mwana wanga, watopa iwe. Ndigoneke, nawe uwongoleko msana."

Sabata ziwiri zonsezi ndinkalakalaka mawu amenewa. Kaya malotowo kunali kutopa chabe, kaya ankandiuza zina, sindikudziwa. Liwu la nkhalamba lija ndinali nditaliiwala kale, ndipo sindinafune n'komwe kulikumbukira.

"Ayi amayi," ndinatero, "tsamirani. Wakuuzani ndani kuti ndatopa?"