Biti Yachisanu ya Nankhoma

Analota masana a Dalikeni, dzuwa lili pamutu, atatsamira patebulo la m'vesitile, laputopu ili chiyatsire pafupi ndi chigongono chawo. Kunali kutatsala masiku atatu kuti avundukule chiliza cha mkazi wawo, Nankhoma. Kwaya imene iwo ankaiphunzitsa inayenera kukaimba kumandako nyimbo imodzi yokha imene mayiyo anapeka ali moyo, ndipo nyimboyo inali isanalembedwe bwinobwino mpaka tsikulo.

Vuto lake linali laling'ono ngati kamwala m'nsapato. Pulogalamu yolembera nyimbo imadula nyimbo m'tizipinda, kachipinda kalikonse ka mabiti anayi. Koma pa mawu akuti "kwathu", m'kachipinda ka 17, Nankhoma ankakoka alito yake mpaka mabiti asanu. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri a Dalikeni ankagogoda ndodo pabenchi n'kumakalipa pamaso pa kwaya yonse kuti, "Alito, mukukoka!" Anali munthu woti chilichonse chiyende pamzere, ngakhale nkhuku za pakhomo pawo zinkadziwa zimenezo. Tsono mayiyo atamwalira, anafuna kuilemba nyimboyo ndendende mmene mwini wake ankaiimbira. Pulogalamu inakana. Akangoika biti yachisanu, kachipinda kankafiira, zonse n'kuuma gwa, kenako pulogalamu n'kudzitseka yokha. Poitsegulanso, noti ya biti yachisanu ija yasowa. Analembera opanga pulogalamuyo maulendo osawerengeka, yankho n'kumabwera lomwelomwelo, lakuti vutolo akulidziwa ndipo likonzedwa m'apudeti, pulogalamu yatsopano imene ikubwera. Sananene kuti ibwera liti. Sananenenso ngati kukonzako kudzakhala kuilola biti yachisanu kapena kuidula. Miyezi isanu ndi iwiri inatha a Dalikeni akudikira, mtima ukuwawa.

M'malotomo anaikanso noti ija pamalo pake. Notiyo inatukula kamutu kake kakuda n'kuwayang'ana.

"Pepani bambo," inatero mwaulemu, "kuno akuti malo atha."

Inatsika pamzere, inatenga mchira wake ngati ndodo yoyendera, n'kutulukira m'mphepete mwa galasi la laputopu. A Dalikeni anaitsatira. Atatsegula chitseko cha vesitile sanapeze tchalitchi, anapeza depoti ya maminibasi, yosesedwa bwino, yopanda wogulitsa chilichonse.

Pamabenchi panali aphunzitsi a makwaya ochokera m'maboma onse, aliyense atafungatira laputopu m'chitenje ngati amayi kusikelo. Mkulu wina wa ku Nsanje anawasendera malo n'kuwaonetsa yake, mawu a sopulano atagwera pansi pa besi, n'kumalira pamenepo. Sisitere wina anati nyimbo yake ya Pasaka imatuluka m'makina osindikizira ilibe Aleluya. Palibe ankakweza mawu. Onse maso anali pakhoma, pamene kamzere kobiriwira kankakwawa kulowera pa kazenera kotseka, n'kuima patatsala pongokwana chala chimodzi.

"Kaima pamenepo chiyambire liti?" anafunsa a Dalikeni.

"Ine ndinafika ndevu zili zakuda," anayankha mkulu wa ku Nsanje uja.

A Dalikeni anapita kukagogoda pakazenerapo. Mkatimo munali mawu opanda mwini.

"Zikomo potidziwitsa. Apudeti ikubwera."

"Chiliza ndi Loweruka lino."

"Zikomo potidziwitsa."

Kenako inafika minibasi yoyera, yojambulidwa mizere isanu m'mbali mwake, yayitali mpaka kumbuyo kwake sikunkaoneka. Kondakitala wake anali bambo wachikulire wovala taye, ndodo ili m'manja. Anayamba kukweza manoti a nyimbo ya Nankhoma, sopulano kutsogolo, besi kumbuyo kwenikweni kumene kumakhala matumba.

"Anayianayi! Mpando uliwonse anayi!"

Manoti ankalowa mwakachetechete n'kukhala mawondo atagundana. Mpando woyamba unadzaza, wachiwiri, wachitatu, mpaka wa 17. Pamenepo anayi anakhala, wachisanu anatsala chiimire pachitseko, phazi limodzi m'kati lina kunja. Sinalinso noti. Anali Nankhoma, atavala bulauzi yoyera ndi duku la kwaya, wonenepa bwino monga analili asanadwale.

"Mwaswera bwanji, abambo ake a Tiyese?"

"Ndaswera bwino, kaya inu, make Tiyese?"

"Ndaswera. Akuti nditsike."

A Dalikeni anatembenukira kwa kondakitala. Anamuuza kuti minibasi yonseyo ndi ya mayiyo, kuti popanda iye sipakanakhala mpando ndi umodzi womwe. Anapempha kuti anayiwo apanikizane, kapena mmodzi anyamule mnzake pamiyendo monga zimachitikira pamsewu uliwonse m'dziko muno. Ananenanso kuti iwo ali okonzeka kutsitsa besi yonse imene iwo ankaimba kuti iyende pansi.

"Lamuloli si langa, akuluakulu," anatero kondakitala. "Ndinalimva kwa inu."

Anatukula ndodo ija. Inali yawo yomwe a Dalikeni, ya nsungwi, yong'ambika kunsonga chifukwa chogogoda mabenchi. Manyazi anawagwira mpaka anasowa poyang'ana.

Nankhoma anatsika yekha osadikira kukankhidwa, n'kukonza chitenje chake. Anaima pafupi ndi mwamuna wake moti fungo la sopo amene ankachapira yunifomu linawafika. A Dalikeni anafunsa funso limene sanalifunsepo zaka zonse zija, chifukwa ankaganiza kuti yankho akulidziwa kale.

"Kodi munkakokeranji pamene paja?"

"Inu simunadziwe?"

"Ndinkati ndi makani chabe."

Nankhoma anaseka pang'ono, kuseka kwake komwe kuja kobisa mano ndi dzanja.

"Ndi chifuwa chanucho, bambo. Tikafika pa 'kwathu' mpweya unkakutherani, besi yanu n'kumalowa mochedwa. Ndiye ine ndinkagwira mawu mpaka nditamva kuti mwapuma. Ena onse ankanditsatira."

"Bwanji osandiuza?"

"Pamaso pa kwaya? Inu mphunzitsi?"

"Nanga kunyumba?"

"Kunyumba tinali ndi zina zokamba."

A Dalikeni anafuna kupepesa. Anakumbukira Lachinayi lina pamene anamuimbitsa yekha mzere umenewo kasanu ndi kawiri, amayi anzake akuyang'ana pansi, iye n'kukokabe ulendo uliwonse. Madzulo ake anawatenthetsera madzi osamba ngati palibe chachitika. Analira a Dalikeni pakati pa depoti, munthu wamkulu, ndipo aphunzitsi anzawo anayang'ana kumbali kuti asawachititse manyazi.

Nthawi yomweyo kamzere kobiriwira kaja kanakhudza kazenera. Mabenchi onse anaimirira. Kazenera kanatseguka, ndipo munatuluka dzanja loyera lopanda mkono, chala chimodzi chitaloza, litanyamula pepala. Papepalapo panalembedwa mawu amodzi okha: Vomerani.

"Ndikavomera, mayiwa apeza malo?" anafunsa a Dalikeni.

"Zolakwika zonse zakonzedwa," anatero mawu opanda mwini aja.

"Sindinafunse zimenezo. Akwera kapena sakwera?"

"Zolakwika zonse zakonzedwa."

A Dalikeni anatembenuza pepalalo kufuna malo olembapo kuti ayi. Kuseri kunalibe kanthu. Miyezi isanu ndi iwiri anakhala akuitukwana pulogalamu yakale ija, yofiira, youma, yodzitseka yokha, koma tsopano anaikhumba. Iyo inkaima ikafika pa Nankhoma, sinkatha kumudutsa.

"Ndipatseni kanthawi ndiganize."

"Nthawi yoganiza yatha. Tavomera m'malo mwanu."

Kondakitala anagogoda ndodo padenga kanayi, chitseko chinatsekeka, minibasi n'kunyamuka bwinobwino popanda kugwedezeka. Manoti onse anayang'ana kutsogolo. Nankhoma anatsala pafumbi, ndipo anayamba kuchepa pang'onopang'ono ngati munthu amene ukumusiya pasiteji, ngakhale a Dalikeni sankayenda. Anatambasula dzanja, osamufikira.

"Abambo ake a Tiyese," anatero ali kale patali, "Loweruka mukapume mokwanira musanayambe mzere umenewo. Ine sindidzakhalapo."

A Dalikeni anadzidzimuka tsaya litamatirira patebulo, dzuwa litapendekera pazenera la vesitile. Laputopu inali itadzizimitsa n'kudziyatsanso yokha iwo ali mtulo. Pagalasi panali uthenga wowathokoza chifukwa cha kudekha kwawo, ndi wowauza kuti tsopano ali ndi pulogalamu yatsopano.

Anatsegula nyimbo ija. Kachipinda ka 17 kanali koyera bwino, kopanda kufiira kulikonse, manoti anayi atakhala mwadongosolo. Anayesa kuika yachisanu. Pulogalamu sinaume, sinadzitseke. Inangoifupikitsa notiyo mwaulemu kuti ikwane, n'kulemba pansi kuti yakonza.

Anadina kuti iimbe. Kanayamba kulira kapiyano kake kowonda, ndipo a Dalikeni, mwachizolowezi cha zaka zonse, anayamba kuimba besi yawo chapansipansi. Atafika pa "kwathu" mpweya unawathera. Anaima kuti apume monga ankachitira nthawi zonse osadziwa, ndipo pamene ankatsegula pakamwa kuti alowe, nyimbo inali itapita kale osawadikira.