Anagona Kuti Tsvetan

Tsvetan ankatakasa nyemba pakambaula ka gasi pambali pa lole yake pamene galimoto yoyera inalowa pamalo oimikapo malole, kunja kwa mzinda wa Antwerp. Munatsika mayi wovala jekete yowala.

"Oyendera malole aja afika," ananong'ona Lyuben, dalaivala wachikulire wa kwawo ku Bulgaria. "Iwe, yanula makabudula ako pachitsekopo. Ukufuna adziwe kuti ndi nyumba yako?"

Tsvetan anayesa kuseka. Lamulo lochokera ku Brussels, lomanga mayiko onse a m'bungwe la Ulaya, linkaletsa dalaivala kupumira m'lole pa tchuthi cha kumapeto kwa sabata. Kampani inayenera kumupezera chipinda. Koma abwana awo ku Plovdiv, kwawo ku Bulgaria, anali atanena mosapsatira: "Akakufunsani, mwagona kuhotela. Wondibweretsera mlandu asadzaonekenso pano."

Kunyumba mkazi wake Radka anali woyembekezera, ndipo m'tauni mwawo ntchito ina munalibe.

Mayi uja anayamba ndi Lyuben. Mkuluyo ananama osaphethira, mpaka kuyamikira khofi wa kuhotelako. Kenako mayiyo anasuzumira m'lole ya Tsvetan. Anaona bulangeti, pilo wothimbirira ndi botolo lokodzeramo.

"Bambo, mwagona kuti?" anafunsa modekha. "Musaope. Mlandu ndi wa kampani, osati wanu. Lamuloli analiikira inu nomwe."

"Akandichotsa ntchito, a ku Brussels andilemba?"

Mayiyo anayang'ana pansi. "Zimenezo sindingakulonjezeni."

Kumbuyo Lyuben anatsokomola mwadala.  Tsvetan anatsegula pakamwa kuti atchule hotela, koma dzina la hotela iliyonse linamuthawa. M'mutu munangobwera msana wake wowawa ndi kuzizira kwa m'lolemo.

"Ndagona mommo, mayi," anatero. "Kuyambira Pasaka."

Mayiyo anaitana anzake. Malole onse a kampaniyo anawaletsa kuchoka pamalopo.

"Watiphetsa, mwana iwe," anatero Lyuben osamuyang'ana. "Ine msinkhu uno andilembanso ndani?" Anakwera m'lole yake n'kumenyetsa chitseko.

Dzuwa lisanapendeke, foni ya Tsvetan inalira. Anali abwana. Anaiyang'ana ikunjenjemera m'manja mwake mpaka inaleka. Italiranso, anaidula n'kuimbira mkazi wake.

"Radka, wakhala pansi?"

"Chachitika n'chiyani? Ngozi?"

"Ayi, ndili bwino. Ndikubwera kunyumba." Anayang'ana lole yake. "Koma ndibwera pabasi."