Tsamba Lopanda Mfundo

Duwa la amayi linkadya theka la chipinda chochezera. Kuti duwa n'kungotchula, chifukwa pa zaka khumi ndi zinayi silinachitepo maluwa ndi tsiku limodzi lomwe. Linali masamba okhaokha, aakulu ngati thireyi, ong'ambika m'mbali ndiponso obooka pakati, moti mlendo aliyense akalowa ankayamba n'kudandaula kuti mbozi zatha duwa labwinobwino. Amayi ankaseka mpaka kutsokomola. Ankati limabadwa choncho, ndipo likasiya kung'ambika ndiye kuti lakwiya. Analipatsa dzina loti Chimasamba, n'kulimangirira ku mtengo wokulunga chiguduli kuti lizikwera, ndipo linakweradi mpaka kugunda siling'i. Ankakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja katatu, ndipo zenera lawo lalikulu linkalandira dzuwa la m'mawa.

Amayiwo anali ndi ana awiri, onse aakazi. Wamkuluyo, aliyense ankamutchula kuti Asisi, ngakhale nkhalamba za m'zipinda zapansi, poti mng'ono wake anakula akukuwa dzina limenelo pa masitepe. Asisi ankagwira ntchito yosita pamalo ochapitsa zovala, tsiku lonse chiimire mu nthunzi, kuwongola makolala a anthu amene sanawaonepo nkhope. Wamng'onoyo amayi ankangomuti Chitsiriza. Iye anapeza ntchito yolandira alendo pa hotela ya m'tauni ina, ulendo wa maola anayi pa basi, ndipo kwawo ankabwera monga amabwerera alendo: kunyamula sopo wonunkhira, kuseketsa anthu, n'kubwerera.

Zaka ziwiri zimene amayi anadwala, wowatembenuza pabedi anali Asisi. Wochapa nsalu zija zosati n'kupita nazo kochapitsa anali Asisi. Ndipo ndi Asisi omwewo amene anaphunzira kusamala Chimasamba, osati mwa kufuna kwawo ayi, koma chifukwa amayi ankalamula ali chigonere. Pisa chala m'dothi, likakhala lonyowa usathire madzi. Pukuta masamba ndi kansalu konyowa, fumbi limalitseka mphuno. Mizu yolendewerayo usaidule, ndi manja ake. Nthawi zina Asisi ankaona ngati akudwazika anthu awiri, ndipo wosadandaula anali duwa.

Lolemba la sabata yomaliza amayi anapempha kuti awakhazike pampando pafupi ndi duwalo. Anatulutsa ulusi wofiira m'thumba la juzi n'kuumanga ndi zala zawo zowonda pa nthambi ina ya m'mbali, pansi pa kachotupa pamene pankatuluka muzu.

"Ukuona apa? Iyi ndi mfundo," anatero amayi. "Moyo wake uli apa. Ukadula tsamba lokha n'kuliika m'madzi, likhala lobiriwira miyezi, mwina litulutsa ndi timizu tomwe, koma kuphuka ayi. Limangonamiza munthu. Chitsiriza akabwera umudulire pansi pa ulusiwu, akadzale kwake. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Abwera liti?"

"Akuti Loweruka. Abwana ake amukaniza tchuthi."

Amayi anamwalira Lachinayi masana, Asisi akuwapukuta pakamwa.

Chitsiriza anafika Lachisanu, ndipo analira kuyambira pa sitepe yoyamba mpaka pamwamba. Anthu anamuunjirira, uyu kumugwira mkono, uyu kumupatsa madzi, onse akuti pepa mwana iwe, pepa. Asisi anali kukhitchini kutsuka makapu a anthu omwewo, ndipo palibe amene anawafunsa ngati alawako kanthu. Kunena zoona, si imfa ya amayi imene inawaumitsa mtima, poti imfayo anali ataiona ikubwera kalekale. Chinawaumitsa mtima ndi makapu aja.

Maliro atatha, anthu atabalalika, Chitsiriza anaima pafupi ndi Chimasamba chikwama chili paphewa.

"Asisi, zovala za amayi ine sindikufuna. Mungondipatsako kaduwaka basi, ndikadzale kwanga. Kodi amadzala bwanji?"

Asisi anatenga mpeni. Ulusi wofiira unali pomwepo, kuseri kwa masamba, ndipo anauona bwinobwino. Anasankha tsamba lokongola kuposa onse, lobooka malo asanu ndi anayi, n'kulidula pakhosi, mfundo n'kuisiya pa tsinde.

"Ukaliike m'botolo la madzi pafupi ndi zenera. Liphuka lokha."

"Amayi sananenepo kalikonse za ine?"

"Anali atatopa," anatero Asisi. "Sankayankhula."

Atabwerako kokaperekeza mng'ono wawo ku basi, anakumbatira mphika wa duwalo n'kuutembenuza kuti nthambi ya ulusi ija iyang'ane kukhoma. Mphikawo unkalemera ngati thumba la simenti, ndipo msana unawapweteka masiku atatu.

Iwo ankaganiza kuti nkhaniyi ithera m'sabata ziwiri. Chitsiriza sanali munthu wosamala chinthu. Ali mwana anataya nsapato za kusukulu katatu m'chaka chimodzi, ulendo wina anabwera ndi imodzi. Tsambalo aliiwala pazenera, madzi auma, lifota, ndiye zidziwika kuti wosamala zinthu za amayi ndi ndani. Koma anthu amasintha pa nthawi yolakwika. Lamlungu lililonse foni ya Asisi inkalira, chithunzi n'kulowa: tsamba lija lili biriwiri m'botolo lagalasi, rula itaimikidwa pambali. Madzi ankasintha Lachitatu ndi Loweruka. Anagula ndi kansalu kakekake kolipukutira. Mwezi wachiwiri kunabwera chithunzi cha timizu tiwiri toyera, ndi mawu akuti, "Asisi, lagwira!" ndi tinkhope toseka mzere wonse.

Asisi anayankha kuti, "Wachita bwino." Tsiku lotsatira kuntchito anapsereza kolala ya shati yoyera, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito.

Pofika mwezi wachitatu tinkhope toseka tija tinatha. Chitsiriza analidzala m'dothi logula, n'kulizulamo, n'kulibwezera m'madzi. Analisuntha kuchoka pazenera la kuchipinda kupita nalo pa la kukhitchini, kenaka n'kulibweza. Sanafunse munthu wina aliyense, ngakhale bambo wosamalira maluwa pa hotela yawo, amene akanamuuza zoona asanamalize n'kufunsa komwe. Kwa iye zinthu za amayi ankazidziwa ndi Asisi okha, ndipo Asisi ananena kuti liphuka.

Tsiku lina anaimba foni Asisi ali pa nthawi yopuma, atakhala pa mulu wa matumba a zovala kuseri kwa makina.

"Kodi lanulo latulutsa masamba angati chimwalirire amayi?"

"Atatu."

"Atatu." Chitsiriza anabwereza mawuwo. "Langa lili chomwecho, Asisi. Silikufa, silikukula. Limangondiyang'ana."

"Uleze mtima. Maluwa safuna phuma."

"Ndikaweruka ndimafikira kulipepesa. Mundiseka, eti?"

Asisi sanaseke. Ananena kuti abwana akuwaitana, n'kudula foni, chonsecho abwanawo anali atapita kukadya.

Kunyumba nako Chimasamba sichinkawapatsa mtendere. Chitembenuzireni mphika uja, masamba onse anapotoza makosi kufunafuna zenera, moti duwalo linkaoneka ngati munthu wocheuka. Asisi ankalithirira, kulipukuta, kumangirira nthambi zatsopano ku mtengo wa chiguduli, koma kuseri sankapitako. Tsiku lina akusesa anasuzumira. Nthambi ija inali itanenepa, ulusi utalowa m'thupi mwake, ndipo muzu wa pa mfundo unali utatalika n'kumamatira kukhoma. Akanatha kudula ulusiwo n'kuutaya m'bini, umboni n'kuthera pomwepo. Anatenga sizasi, anaima nayo, anaibwezera m'dilowa. Anamanga ndi amayi, ndi zala zawo zija.

Kangapo konse analemba uthenga woyamba ndi mawu akuti, "Pali nkhani imene sindinakuuze," n'kuufufuta. Manyazi analipo, inde, koma tisawakometsere: chakukhosi nacho chinali chisanathe. Zithunzi zikabwera ankamva chisoni, ndipo pansi pa chisonicho pankakhala kamtima kena konena kuti, naye aone mmene kudikira kumawawira. Kamtima kameneko ankadana nako, koma sankakathamangitsa.

Mwezi wachisanu, Lamlungu masana, m'malo mwa chithunzi kunamveka kugogoda. Asisi atatsegula, Chitsiriza anali pakhomo, ataonda, atakumbatira botolo lokulunga m'thawulo. Madzi anali atamunyowetsa siketi yonse m'basi. Tsamba lija linali litayamba chikasu m'mbali.

"Ndalibweretsa kwawo," anatero, n'kuika botolo patebulo. "Ine landikana."

"Duwa silikana munthu, iwe."

"Landikana, Asisi. Inu amayi anakusiyirani manja awo, onani mmene lanulo likusangalalira. Ine anandidikira mpaka Lachinayi, anatopa nane. Ndikanangokwera basi Lolemba lomwe lija, ntchito n'chiyani? Miyezi isanu ndakhala ndikuwapempha kamphukira kamodzi kokha, ndidziwe kuti anandikhululukira. Andiyankha. Ndamva."

Ananena zimenezi osagwetsa msozi, ndipo n'zimene zinawaopsa Asisi. Pa maliro paja ankalira mokuwa, koma anali wamoyo. Apa ankayankhula pang'onopang'ono, maso ali pansi, ngati munthu amene wavomereza mlandu ndipo sakufunanso womuteteza. Asisi anali atafuna kuti mng'ono wawo amve kuwawa pang'ono chabe, koma osati kumulanda mayi.

Anapita pa mphika uja, anawerama, anaukumbatira n'kuutembenuza. Muzu unamatuka kukhoma pamodzi ndi penti yomwe.

"Bwera uone."

Chitsiriza anasendera.

"Ulusi uwu anamanga ndi amayi, Lolemba lija. Anati ndikudulire pansi pake, pa mfundo apa, chifukwa moyo wake uli pamenepa. Tsamba limene ndinakupatsa lilibe mfundo. Silikanaphuka, ngakhale ukanalisunga zaka khumi."

Chitsiriza anayang'ana ulusi, anayang'ana botolo, kenaka anayang'ana mkulu wake.

"Munalakwitsa podula?"

Mwana wa mayi awo anali atawatsegulira yekha njira yothawira. Kungoti "eya" basi, Chitsiriza akanapsa mtima pang'ono, mwina akanaseka n'kuseka komwe.

"Sindinalakwitse. Ndinkadziwa."

M'chipinda chapansi wina ankakhoma msomali. Anakhoma, anasiya, anakhomanso.

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinatsuka makapu makumi anayi tsiku lija, iwe anthu akukupukuta misozi." Mawuwo atatuluka pakamwa anamveka aang'ono kwambiri moti Asisi anachita manyazi kawiri. Anafuna kuwonjezera za nsalu, za msana, za zaka ziwiri, koma anaona kuti zonsezo n'zoona ndipo palibe chimene zikanasintha.

Chitsiriza anagwada pansi n'kukhudza ulusi uja ndi chala chimodzi, pamene unalowa m'thupi la nthambi.

"Ndiye kuti ananditchula."

"Tsiku lililonse. 'Abwera liti, abwera liti.' Sanakukwiyire ngakhale pang'ono. Wokwiya ndinali ine."

Pamenepo mpamene analira, mwakachetechete, chipumi atachitsamiritsa pa mtengo wa chiguduli. Asisi anatambasula dzanja kuti amugwire paphewa, koma phewalo linasuntha. Analibweza dzanja lawo n'kusowa poliika.

"Mpeni," anatero Chitsiriza atapukuta nkhope.

Asisi anakautenga kukhitchini. "Ndikudulire?"

"Ayi. Ndidula ndekha."

Sanafunse kuti adule pati, poti amayi anali atamulozera kale. Tsindelo linali lolimba, anachita kucheka ndi manja awiri, ndipo nthambi inagwera m'manja mwake ndi masamba ake awiri, muzu wake wautali wokhala ndi penti kunsonga, ndi ulusi wofiira. Anaikulunga m'thawulo lija mosamala. Asisi anati aphike tiyi, iye anati basi imusiya. Anati amuperekeze, iye anati njira akuidziwa.

Ali pakhomo, Asisi ananyamula botolo lija patebulo.

"Nanga ili?"

Chitsiriza anacheuka. M'maso mwake munalibe ukali, ndipo Asisi akanakonda ukanakhalamo.

"Limenelo ndi lanu, Asisi. Madzi muzisintha Lachitatu ndi Loweruka."

Anatsika masitepe. Asisi anaima chigwirire botolo mpaka chitseko chapansi chinamveka kutsekedwa. Kenaka analiika pazenera, pafupi ndi Chimasamba, chimene tsopano chinali ndi bala loyera pa tsinde.

Lachitatu m'mawa, asanapite kuntchito, anasintha madzi.