Lumo Pakhosi pa Apongozi

Kandevu anali wometa wa dzanja lopepuka, koma m'mawa uliwonse dzanjalo linkanjenjemera mpaka mwini wake atameza kaye mowa. Anzake a m'shopu yometera ankamukonda, kungoti chikondi chawo chinali chopusa. Ankamusungira kabotolo kuseri kwa galasi, n'kumati ndi mankhwala a dzanja.

Mkazi wake atatopa nazo anakhuthulira mowa wonse wa kunyumba m'sinki, Kandevu nayenso n'kulumbira kuti wasiya lero lomwe. Anasiyadi, koma thupi silinamulole kupita patali. Anayamba kutuluka thukuta, kuona tizilombo tikuyenda pakhoma, kenako anagwa pansi m'shopu n'kumaphupha pakati pa tsitsi la anthu.

Kuchipatala ankayembekezera kukalipiridwa, koma namwino anangokoka mpando n'kukhala naye pafupi.

"Bambo, thupi lanu linazolowera mowa mpaka likuuyesa chakudya," anatero namwinoyo. "Kusiya mwadzidzidzi muli nokha kukhoza kukuphani. Awa ndi matenda, ndipo amachizika. Tisiya limodzi."

Anamupatsa mankhwala oti thupi lizizire pang'onopang'ono, n'kumuuza za gulu la anthu odwala ngati iye. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho Kandevu anapita yekha osakokedwa. Kugululo ankakhala pamipando yapulasitiki, kumwa tiyi wozizira ndi kusekana mabodza amene ankanamiza nawo abale awo. Anali asanasekepo choncho ali bwinobwino.

Atabwerera kuntchito anapeza kabotolo kaja katachotsedwa. Zikomo kwambiri. Koma anzake aja, ndi chikondi chawo chomwe chija, anachotsanso lumo lake n'kumupatsa tsache.

"Pumani kaye, achimwene," mwini shopu ankatero.

Makasitomala nawo akamuona ankaloza mpando wina. Zinkamuwawa kwambiri. Akamasesa pakhomo maso ankathawira okha ku bala ya mowa ya tsidya la msewu, ndipo ankadziwa kuti lumo likapanda kubwerera m'manja mwake, tsiku lina adzaoloka basi.

M'mawa wina kunalowa apongozi ake, bambo a mkazi wake, nkhalamba yomwe inkauza aliyense kuti mwana wawo anakwatiwa ndi botolo. Ndevu zawo zinali zitachita thengo. Mwini shopu anadumpha n'kupukuta mpando wake.

"Khalani apa, bambo."

"Ayi," anatero mkuluyo. "Ndevu izi zili ndi mwini wake muno. Akamwini, ikani tsachelo pansi."

Kandevu anaika tsache pansi. "Ndikumeteni ndi makina, bambo?"

"Makina ndi a ana asukulu. Lumo. Mukandicheka mukafotokoza nokha kwa apongozi anu aakazi."

Anthu a pabenchi anaseka, koma mwini shopu anatsegula kabati monyinyirika, ngati akupereka mfuti. Kandevu anawakulunga thaulo, n'kuwapaka thovu mpaka pakhosi. Atakweza lumo anaima.

"Bambo, dzanja likunjenjemera pang'ono."

"Langanso limanjenjemera, koma supuni sinaphonyepo pakamwa. Metani."

Anayamba patsaya, akukoka khungu ndi chala chachikulu monga ankachitira kale. Lumo linatsika, linabwerera, linatsikanso. Dzanja linakumbukira ntchito yake lisanapemphedwe. M'shopu monse munangoti zii, ngakhale makina a mnzake anazima.

Atafika pansi pa chibwano, pomwe mtsempha umagunda, panamveka kaphokoso kachilendo. Kandevu anachotsa lumo msanga, mtima uli m'mwamba, n'kuyang'ana ngati pali magazi. Panalibe. Apongozi anali akuliza mkonono, kukamwa kuli yasa.

Mwini shopu anafuna kuwagwedeza, koma Kandevu anamuletsa. Anali akuseka misozi ili mbwembwembwe. Munthu amene ankamutcha botolo anali atagona tulo, khosi lake lili m'manja mwa Kandevu.

"Asiyeni," ananong'ona. "Ndimaliza osawadzutsa."

Pabenchi bambo wina anavula chipewa n'kudzisisita m'mutu.

"Akadzuka amenewo, wotsatira ndine."