Dzanja Lamanzere la Fiifi Arhin

Bambo Ebo Tandoh anaphwanya dzanja la mwana ndi chitseko chachitsulo, ndipo anachita zimenezi mwadala. Iwo anali woyang'anira nyumba ya boma yosungirako ana olakwira malamulo kunja kwa mzinda wa Sekondi. Mwanayo anali Fiifi Arhin, wa zaka khumi ndi zitatu, amene anatsekeredwa chifukwa choba nsomba zouma pamsika. Ine ndinali mphunzitsi panyumbapo, ndipo sindinadziwe kanthu, chifukwa sindinafunse.

Chimene ndinaona ine chinali mwano. Lolemba lina Fiifi anandipatsira kope ndi dzanja lamanzere, lamanja atalibisa m'thumba, osapepesa n'komwe monga achitira aliyense woleredwa bwino. Ndinamukwapula zikoti zitatu ndi kulemba m'buku langa la zilango tsiku ndi mlandu womwe. Anabwereza, inenso ndinabwereza.

Patapita zaka makumi atatu, pakhonde panga panafika bambo wa imvi zoyamba kumene, ali ndi mayi wonyamula chikwama cha mapepala. Anaima kufikira nditawauza kuti akhale, ndipo ndinakondwera nazo.

"Aphunzitsi, mukundikumbukira?" anatero bamboyo.

"Ndimakumbukira ana amwano okha."

"Ndiye mukundikumbukira. Ndine Fiifi."

Mayiyo anali loya wake, Mayi Araba Bentsil. Anafotokoza kuti Fiifi ndi anzake khumi ndi asanu ndi mmodzi asumira boma, kufuna chipukuta misozi pa nkhanza zimene anachitidwa ali ana. Pamenepo ndinamva za chitseko chija koyamba, ndi kuti Tandoh anaopseza mwanayo kuti akangoulula aphwanyanso linalo. Koma loya wa boma amati Fiifi ndi wabodza, dzanjalo anavulala atakula, pokoka bwato.

"Mafayilo a nyumbayo akuti anadyedwa ndi chiswe," anatero Mayi Bentsil. "Chiswe cha boma n'chophunzira, Aphunzitsi, chimadziwa pepala loyamba kudya. Popanda umboni wa tsiku, mlandu wa Fiifi wagwa, ndipo ugwetsa ya anzake."

Buku langa la zilango lija linali m'bokosi langa, pakuti sinditaya cholembedwa. Koma kulitulutsa kunali kudzivula pagulu. Fiifi sanandifulumize.

"Sindinabwere kudzakusumirani," anatero pomaliza. "Inu munkamenya poyera n'kulemba. Enawo sankalemba."

Tsiku la mlandu, kalaliki wa khoti anamupatsa Baibulo kuti alumbire, ndipo analilandira ndi lamanzere. Loya wa boma, munthu wa suti yabwino ndi pakamwa posasamba, anaimirira.

"Bambo Arhin, kwanu sanakuphunzitseni dzanja logwirira Buku Lopatulika?"

Fiifi anatulutsa dzanja lamanja m'thumba pang'onopang'ono, ndi kuliika pathabwa pamaso pa woweruza. Zala zinayi zinali zopindikana ngati miyendo ya nkhanu yakufa.

"Anandiphunzitsa, bwana, ndipo dzanjalo ndi ili. Khoti likalamula kuti ndipepese chifukwa cha lamanzere, ndipepesa. Ndingopempha kuti ayambe ndi amene anaphwanya lamanja, popeza iwo ndi akulu kwa ine."

Sanakweze mawu, sanaloze munthu chala, ndipo Tandoh, amene anakhala kumbuyo ndi ndodo yake, Fiifi anamutchula kuti Bambo Tandoh tsiku lonse. Ndaphunzitsa ulemu zaka makumi anayi, koma wotere sindinauphunzitsepo.

Itafika nthawi yanga, ndinatsegula buku ndi kuwerenga: "Lolemba, 14 Malichi 1994. Arhin, kupereka kope ndi dzanja lamanzere. Zikoti zitatu." Ndinawerenga mizere khumi ndi umodzi yotere, osadumpha ngakhale umodzi.

"Mwina anabadwa wamanzere, agogo," anatero loya uja.

"Sindine agogo anu. Anali m'kalasi mwanga miyezi isanu tsikulo lisanafike, ndipo m'bukumu mulibe mlandu wotere. Ine dzanja lamanzere silindidutsa."

Anthu anaseka, koma woweruza, mayi wodekha, sanaseke.

"Aphunzitsi, munamufunsapo chifukwa chake?"

"Ayi, Olemekezeka. Ndinamukwapula kakhumi ndi kamodzi, osamufunsa."

Potuluka, Fiifi anandidikira pamasitepe kuti andithandize kutsika. Ndinasamutsira ndodo yanga kumanja ndi kumupatsa dzanja lamanzere, koyamba m'moyo wanga wonse.

"Samalani, Aphunzitsi," anatero akuligwira. "Zimenezo ndi zikoti zitatu."

Khoti linagamula kuti dzanjalo linaphwanyidwa Fiifi ali m'manja mwa boma. Linalamula boma kumupatsa ndalama zokwana masedi zikwi mazana anayi, kulipira dokotala wa mafupa, ndi kupepesa polemba kalata kwa iye ndi kwa aliyense mwa anzake, amenenso anapatsidwa chipukuta misozi malinga ndi zilonda zawo. Chaka chotsatira Ebo Tandoh anazengedwa mlandu wovulaza ana, napezeka wolakwa, ndipo anamangidwa zaka zisanu ndi chimodzi.