Kabokosi M'dengu la Mayi Ummy

Habiba anabwera kwawo ku Nkhotakota ndi timabokosi khumi ndi tiwiri, kalikonse kukula ngati sopo wosambira. Anatipanga yekha ku yunivesite, komwe ankachita kafukufuku wa digiri yachiwiri. Kabokosi akakamangirira pa bwato, kankamva kugwedeza kwa mafunde n'kusunga. Kakayandikana ndi kanzake, tinkapatsirana uthenga popanda mayunitsi, mpaka uthengawo ufike pa mlongoti wansungwi umene Habiba anauimika padenga la makolo ake, pafupi ndi doko. Ankafuna kuti tsiku lina asodzi azichenjezana mwera usanawapeze pakati pa nyanja.

Mabwato a pa Boma ankayankha bwino. Koma asanu a kugombe la ku Mwadzama anangoti zii kwa masabata atatu. A Dokotala Raston, aphunzitsi omuyang'anira, anamuuza pafoni kuti, "Ndi patali kumeneko, Habiba. Ingolemba kuti zakanika."

Lachiwiri lina masana, atatsegula laputopu, anapeza manambala a mafunde ochokera pa mabwato onse asanu aja ali mbwee, kuyambira tsiku loyamba. Anafuula mpaka amayi ake anathamanga kudzaona ngati walumidwa ndi chinkhanira. Atayang'anitsitsa, anaona kuti zonsezo zabwera ndi kabokosi nambala seveni, ka pa bwato la bambo Tahiru, msodzi wa pa Boma pomwepo. Chodabwitsa, kabokosiko kankaonetsa mafunde oti bwato silingapulumuke, chonsecho nyanja inali bata kuyambira m'mawa.

Anawapeza bambo Tahiru pakhonde akusoka ukonde.

"Salamu aleikumu, bambo. Munapita ku Mwadzama lero?"

"Aleikumu salamu, mwanangu. Ine? Phewali landikaniza nkhafi, sabata yatha ndili pano."

"Nanga kabokosi kaja?"

Bambowo anakanda kumutu. "Bwato lili pamtunda, ndiye ndinaopa kuti ana angakathyole. Ndinakamasula n'kukabisa m'dengu, pansi pa masaka."

"Dengu liti?" anafunsa mayi Ummy, akazi awo, akutuluka m'nyumba.

"Lalikulu lija."

"Aa! Lomwe ndinapita nalo kokagula usipa lero lija? Ndimamva chinthu chikugogoda njira yonse, ine n'kumakalipira wa kabaza kuti njinga yake yatha!"

Habiba anakhala pansi, naseka mpaka misozi. Mafunde oopsa aja anali maenje a mumsewu wafumbi wotsikira kugombe. Mayi Ummy ankatenga usipa wouma kwa asodzi a ku Mwadzama kawiri pa sabata. M'mene ankadikira kuti awayezere, kabokosi kali m'dengu kanatola uthenga wonse kwa tinzake ta pa mabwato oyandikira, n'kudzautula pa mlongoti iwo akudutsa kupita kumsika.

"Mayi, chonde, muzipita nako nthawi zonse."

"Sikanunkhitsa usipa wanga?"

"Ayi, mwina usipawo ndi umene ungakanunkhitse."

"Basi, kasokereni kathumba. Sindifuna kazingogubuduka."

A Dokotala Raston atamva, anati, "Usalembenso zoti zakanika. Peza amayi ena atatu ogula nsomba. Mutu wa kafukufuku wako wasintha."

Pofika mwezi wa Juni, madengu anayi ankayenda ndi timabokosi, lina mpaka magombe a ku Dwangwa. Uthenga unkafika mochedwa, wosathandiza kuchenjeza msodzi tsiku lomwelo, koma unkaonetsa bwino malo amene mwera umayambira kuvuta. Pepala la Habiba linalandiridwa ku msonkhano wa akatswiri, ndipo anapita kukawawerengera mayi Ummy ndime yothokoza, mmene munali dzina lawo.

Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, nati awawerengerenso. Bambo Tahiru anatsokomola.

"Nanga amene anaika kabokosiko m'dengu, dzina lake lili pati?"

Habiba anatsegula laputopu pamphasa pomwepo, nawafunsa ngati akufuna awonjezerenso dzina la bwato lawo.